Filosofi ku Chanco: amaphunzira chiyani, nanga aphunzitsi ake amatani?

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akangotuluka, pa magulu a WhatsApp sipalephera funso lakuti: "Filosofiyo ndiye chiyani, ndidzadya chiyani?" Nazi zofunika kudziwa musananyoze kapena kusankha phunziroli.

Malo ake

Dipatimenti ya filosofi ili ku University of Malawi, pa Chirunga mu mzinda wa Zomba. Ambiri timangoti Chanco, dzina lochokera ku Chancellor College yomwe idasamukira ku Zomba mu 1973 kuchokera ku Blantyre. Mu 2021 makoleji ena atadziimira paokha, Chanco ndiyo idatsala ndi dzina la UNIMA. Digiri yoyamba imatenga zaka 4.

Zomwe amaphunzira

Filosofi ndi phunziro lofufuza ngati zimene timakhulupirira zili ndi maziko. Lojiki imaphunzitsa kuona ngati mfundo zikugwirizana. Wina akati "akuba amayenda usiku, mlonda amayenda usiku, ndiye kuti mlonda ndi wakuba", wophunzira ayenera kuloza pomwe pathyoka. Nthambi zina zimaona za chabwino ndi choipa, za mmene timadziwira kuti chinthu n'choona, komanso za ulamuliro ndi chilungamo.

Si za Plato, Aristotle ndi Kant okhaokha ayi. Malemu Didier Kaphagawani, yemwe adaphunzitsa pa Chanco, adalemba za mmene Achewa amamvetsera mawu akuti munthu. Grivas Kayange adatulutsa buku la Meaning and Truth in African Philosophy mu 2018, momwe amasanthula mawu ndi miyambi ya Chichewa. Choncho mwambi wa agogo wakuti "kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu" umafika m'kalasi, koma kumeneko amaufunsa mafunso: nanga wokana kutsata gulu pamene gululo lalakwa, si munthu?

Kaphunzitsidwe

Kuloweza kokha sikuthandiza. Mumawerenga, mumatsutsana, kenako mumalemba nkhani yoteteza maganizo anu. Kutsutsa aphunzitsi n'kololedwa, bola mukhale ndi zifukwa zogwira mtima.

Moyo wa aphunzitsi

Kupatula kuphunzitsa ndi kuchonga mayeso, amayang'anira kafukufuku wa ophunzira n'kumachitanso wawo. Kuti munthu afike pa upulofesa, zimadalira kwambiri zomwe wasindikiza.

Ntchitoyi imafunanso ufulu wolankhula m'kalasi. Mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale, kukamufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi. Aphunzitsi a Chanco adanyanyala kwa miyezi ingapo. Popanda ufulu umenewu, filosofi siyingaphunzitsike.

Nanga ntchito?

Tinene chilungamo: simudzaona kawirikawiri kampani ikulengeza kuti ikufuna wafilosofi. Chomwe mumatuluka nacho ndi luso lowerenga mozama, kulemba momveka ndi kugwira bodza, zomwe zimafunika pa uphunzitsi, utolankhani, m'boma ndi m'mabungwe. N'chifukwa chake ndi bwino kuganizira msanga phunziro lina loti muphatikize nalo.