Mbiri ya khomo lolowera ku maphunziro a zinenero zochokera ku Chilatini

Wophunzira amene wamaliza licenciatura ku Maputo kapena ku Tete n'kufuna kukachita mestrado ya zinenero zochokera ku Chilatini ku Lisboa kapena ku Coimbra, amatumiza masatifiketi, mbiri ya maphunziro ake ndi kalata yofotokoza chimene akufuna kukafufuza. Lero imaoneka ngati nkhani ya mapepala chabe. Koma kwa zaka zambiri chimene chinkatsekulira munthu khomo limeneli chinali mtundu wa sukulu imene anadzera ali mwana, ndipo ena mwa anthu amene anakuza maphunzirowa analowera pawindo.

Maphunzirowa anayambira ku Germany, kumene anthu salankhula chinenero chochokera ku Chilatini. Friedrich Diez, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Bonn, anayamba kusindikiza galamala yake mu 1836, ndipo mu 1853 anatulutsa dikishonale yofotokoza magwero a mawu. Poyerekeza Chipwitikizi, Chisipanishi, Chifalansa, Chitaliyana ndi zinzake, iye anaonetsa kuti zonsezi zinaphuka kuchokera ku Chilatini chimene ankalankhula asilikali, amalonda ndi alimi. Anthu ophunzira a ku Roma akanachimva akanati n'cholakwika.

Ngakhale zinali choncho, wofuna kulowa yunivesite ku Prussia ankayenera kudzera ku Gymnasium, sukulu imene inkaphunzitsa Chilatini cha m'mabuku ndi Chigiriki. Mu 1870 boma linalola ana a sukulu zina, zimene sizinkaphunzitsa Chigiriki, kuti azilowa, koma m'maphunziro ochepa okha: masamu, sayansi ndi zinenero zamakono. Zimenezi zikusonyeza mmene akuluakulu ankaonera zinenero zamakono, ngati zoyenera anthu otsikirapo. Akazi sankaloledwa n'komwe kulembetsa ngati ophunzira enieni kufikira 1908.

Carolina Michaëlis anabadwira ku Berlin mu 1851. Atamaliza sukulu ya atsikana analibe kopita, chifukwa lamulo linamutsekereza. Anapitiriza yekha kunyumba, mothandizidwa ndi mphunzitsi wake Carl Goldbeck, ndipo asanafike zaka 20 zolemba zake zinali zitayamba kutuluka m'magazini a akatswiri. Mu 1876 anakwatiwa ndi Joaquim de Vasconcelos n'kusamukira ku Porto. Kumeneko anathera zaka zambiri pa mipukutu yakale ya ndakatulo za Chigalisiya ndi Chipwitikizi. Ntchitoyi ndi yotopetsa: kuwerenga zilembo zofufutika, kuyerekeza mpukutu ndi mpukutu, kuzindikira pamene wokopera analakwitsa ndi pamene mawu achilendowo analidi olondola pa nthawi yawo. Zotsatira zake ndi mabuku awiri a Cancioneiro da Ajuda amene anatuluka mu 1904, omwe ofufuza akuwagwiritsabe ntchito. Mu 1911, ali ndi zaka 60, boma latsopano la Portugal linamusankha kukhala profesa, ndipo anakaphunzitsa ku Coimbra. Anali mkazi woyamba kupatsidwa udindo wotere pa yunivesite ya m'dzikolo. Munthu amene sanaloledwe kukhala pa benchi la ophunzira ndiye ankayesa ena mayeso kufikira pamene anatsala pang'ono kumwalira mu 1925.

Adolfo Coelho nayenso sanamalize digiri, koma mu 1878 anayamba kuphunzitsa pa Curso Superior de Letras ku Lisboa. Kuyambira mu 1880 iye analemba za Chikiliyo cha ku Cabo Verde, São Tomé ndi madera ena, n'kuchiika m'banja la zinenero zochokera ku Chilatini, pa nthawi imene atsamunda ankachitcha Chipwitikizi chowonongeka.

Ku Mozambique khomoli linachedwa kwambiri. Yunivesite yoyamba inakhazikitsidwa mu 1962 ndi dzina la Estudos Gerais Universitários, inasanduka Universidade de Lourenço Marques mu 1968, ndipo mu 1976 inatchedwa Eduardo Mondlane. Kuti munthu afikeko ankayenera kudzera ku liceu, ndipo sukulu zimenezi zinali m'mizinda, zodzaza ana a atsamunda. Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga ankayambira ku sukulu ya mishoni, kumene ankataya zaka akulimbana ndi Chipwitikizi asanaloledwe kulowa maphunziro a pulayimale enieni, ndipo ambiri ankafika atapitirira msinkhu wolembetsera ku liceu. Anyamata ochepa a ku Tete amene anaphunzira Chilatini anachipeza kuseminale, monga ya ku Zóbuè. Lamulo logawa anthu kukhala indígena ndi assimilado, limene linkafuna kuti munthu azilankhula Chipwitikizi "cholondola", linathetsedwa mu 1961, koma mpata umene linasiya sunatsekeke tsiku limodzi.

Kuchokera pa mgwirizano wa ku Bologna wa 1999, mayunivesite ambiri a ku Ulaya anatsata makwerero atatu: licenciatura, mestrado ndi doutoramento. Malo ambiri anafewetsa lamulo la Chilatini, ndipo kalata ya kafukufuku inayamba kulemera. Pamenepa mpamene wophunzira wa zinenero ziwiri ali ndi chonena. Chipwitikizi cha ku Mozambique tsopano ndi mutu wovomerezeka, makamaka chifukwa cha ntchito ya Perpétua Gonçalves wa pa Eduardo Mondlane, amene buku lake lonena za chiyambi cha Chipwitikizi chimenechi linatuluka mu 2010.

Chitsanzo chimodzi n'chokwanira. Ku Mozambique kumamveka anthu akunena kuti "eu fui dado um livro". Ku Lisboa mphunzitsi angadule chiganizo chimenechi ndi cholembera chofiira, chifukwa kumeneko wolandira chinthu sakhala mwininkhani m'chiganizo chotere; amati "deram-me um livro". Wolankhula Chinyanja amazindikira msanga kumene chachokera, pakuti kwawo amati "ndinapatsidwa buku", ndipo zinenero zambiri za Chibantu zimamanga chiganizocho chimodzimodzi. Ana amene anaphunzira m'makalasi oyesera a PEBIMO ku Tete ndi ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997 anali oyamba kuona chinenero chawo ndi Chipwitikizi zikulembedwa pa bolodi limodzi m'sukulu ya boma, ndipo lero ali pa msinkhu wolemba makalata opempha malo a doutoramento.