Mmene Chithandizo cha Odwala Chinafikira Onse m'Scotland

Abale ogona m'mahositelo muno mu Glasgow, mukaonana ndi dokotala osatulutsa khobidi, musayese kuti zinali chomwecho chiyambire.

M'chaka cha 1911 boma la Britain linaika lamulo la inshuwalansi ya antchito. Mwamuna ankadulidwa mapeni 4 pa mlungu, bwana wake n'kuonjezapo 3, boma 2. Mmisiri wokhoma zombo pa mtsinje wa Clyde akadwala ankathandizidwa, koma mkazi wake ndi ana lamulolo silinawawerengere.

Kumpoto, kumapiri ndi kuzilumba, zinali zovuta koposa, pakuti ambiri anali alimi a timinda tating'ono ndi asodzi, opanda bwana wowalemba ntchito. Komiti ya Sir John Dewar itayendera maderawo m'1912, inapeza anthu akuvutika chifukwa dokotala anali kutali ndipo mtengo wake unali wosafikirika. Tsono m'1913 boma linayambitsa Highlands and Islands Medical Service, n'kumapereka £42,000 pa chaka kuti madokotala azilipiritsa pang'ono.

Pa 5 July 1948 inayamba National Health Service, yosasankha wam'tauni kapena wakumudzi. Komabe kusiyana kulipo: kuyambira April 2011 mankhwala okulemberani dokotala ndi aulere m'Scotland, pamene ku England antchito ambiri amalipirabe.

Chifukwa chake, abale, lembetsani dzina kwa dokotala wapafupi musanadwale, ndipo muuzeni mnzanu wofika kumene achite chimodzimodzi.