Maere a m'buku: mmene ankasankhira minda yoyeza kompyuta isanabwere

Aliyense amene anaperekezapo fodya ku msika wa Chinkhoma ku Kasungu amadziwa kuti wogula saona tsamba lililonse. Belo likamasulidwa, amasolola masamba ochepa n'kutchula mtengo wa belo lonse. Mlimi wachinyengo naye amadziwa pamene dzanja la wogula limakonda kupisa, ndiye fodya wabwino amamuyala pomwepo, woipa n'kumubisa mkati. Dzanja la munthu lili ndi chizolowezi, diso nalo lili ndi tsankho. Akatswiri a kafukufuku anavutika ndi zimenezi kwa zaka zambiri, mpaka anagwirizana kuti kusankha azikusiyira maere.

Poyamba maerewo anali a pamanja. Mu 1908 William Gosset, amene ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, anafalitsa zomwe anapeza atalemba miyeso ya akaidi 3,000 pa timakadi, kutisakaniza, n'kumatola tinayitinayi. Koma timakadi timamatirirana, ndipo dzanja likatopa limasakaniza mwaulesi. Mu 1927 Leonard Tippett anasindikiza ku England buku la manambala 41,600 osatsata dongosolo lililonse, kuti wofufuza azingotsegula tsamba m'malo mopukusa timapepala m'chipewa. Ronald Fisher ndi Frank Yates anatulutsa awo mu 1938, m'buku lomwe ofufuza zaulimi ankaligwiritsa ntchito kwambiri, ndipo mu 1955 bungwe la RAND ku America linafika pa manambala 1 miliyoni. Buku lopanda nkhani, lopanda chithunzi, manambala okhaokha! Wina akhoza kuseka, koma boma la America lomwelo linachita manyazi pa 1 Disembala 1969. Pochita maere osankha anyamata opita kunkhondo ya ku Vietnam, anaika masiku obadwira 366 m'chotengera osawasakaniza mokwanira, mwakuti obadwa kumapeto kwa chaka ndiwo anatuluka msanga.

Kuno kwathu, ofesi ya kalembera ya National Statistical Office ku Zomba inawerenga anthu mu 1966 n'kupeza oposa pang'ono 4 miliyoni. Koma kuwerenga mitu n'kosiyana ndi kuyeza minda. Panalibe ndalama kapena anthu okwanira kuyeza munda uliwonse, choncho mu 1968/69 kunachitika kafukufuku woyamba wa zaulimi wa dziko lonse wongotenga mabanja ochepa, National Sample Survey of Agriculture. Wachiwiri anachitika mu 1980/81, wachitatu mu 1992/93.

Kafukufuku wotere amayenda motere. Dziko limagawidwa m'timadera ta kalembera, kalikonse ndi nambala yake, ndipo maere amatola timadera tina. M'kadera kosankhidwako wolemba amayenda khomo ndi khomo, atalonjera kwa amfumu, kulemba mabanja onse pamndandanda. Akapeza mabanja 200 pamene akufunika 20, amatenga nambala imodzi m'buku lija pakati pa 1 ndi 10. Ikatuluka 7, ndiye kuti banja la nambala 7, la 17, la 27, mpaka mndandanda kutha. Amfumu akati, "Bwanji mukulumpha nyumba ya achimwene anga, alimi odziwika mudzi uno?" yankho linali lakuti buku silidziwa munthu.

Ntchito yeniyeni inali kumunda. Malire ankayezedwa ndi kampasi ndi chingwe, kukula kwa munda n'kuwerengetsera papepala. Kenaka pankafunika kandime kakang'ono kokolola ndi kuika pa sikelo, njira imene P.C. Mahalanobis ndi P.V. Sukhatme anaikhwimitsa ku India m'zaka za m'ma 1940. Kandimeko kakhale pati? Mukamusiya wolemba, mapazi amamutengera pachulu pamene chimanga chabiriwira. Mukamusiya mwini munda, mwina akulozerani pamchenga, poganiza kuti boma likudza ndi thandizo kapena msonkho. Ndiye ankatenga manambala awiri: yoyamba mapazi oyenda m'mbali mwa munda, yachiwiri mapazi olowera mkati. Pamene waima, chikhomo pomwepo, kaya ndi pa kaufiti. Amwenye aja anaonanso kuti kandime kakachepa kwambiri zokolola zimaoneka zochuluka, chifukwa phesi lililonse la m'malire woyeza amalikokera mkati.

Koma Kasungu ndiye akutiphunzitsa pamene maere amathera mphamvu. M'zaka za m'ma 1970 chigwa cha Kasungu chinadzaza ndi maesiteti a fodya, kuphatikizapo a General Farming ndi Press Farming, makampani a Kamuzu Banda, mwana wa komweko. Panalinso alimi a fodya wowotcha pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Lamulo la Special Crops Act linkatsekera mlimi wamba kulima fodya wa bale, mpaka chitseko chinayamba kutseguka mu 1990. Amene ankadzala, kuthyola ndi kusoka bale m'zigafa za maesiteti anali matenanti, ambiri ochokera kutali ngati ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Tsono makafukufuku aja ankayang'ana alimi ang'onoang'ono a pa malo a mafumu. Maesiteti anali kunja kwa mndandanda. Tenanti, ngakhale atakhala zaka zambiri pamsasa ndi ana ake, nambala yake sikanatuluka, chifukwa analibe nambala. Manambala a m'buku anali osakondera, alembi anayenda mapazi awo mokhulupirika, komabe chithunzi cha ulimi wa Kasungu chomwe chinkatuluka chinalibe anthu amene thukuta lawo linkabweretsa ndalama zakunja. Kunena zoona, mlandu sunali wa maere, unali wa amene anadula malire a mndandanda.

Lero kompyuta imasankha mabanja m'kuphethira kwa diso, ndipo pa kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 800,000 m'boma la Kasungu, alembi ananyamula matabuleti m'malo mwa mapepala. Makinawo amatola okhawo amene alembedwa. Mukamva pa wailesi kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti za alimi a ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chulu, funsani kaye ngati a m'misasa ya m'maesiteti anali pamndandanda.