Mbiri ya Makompyuta Ongoyerekezera

Luso logawa kompyuta imodzi kuti izigwira ntchito ngati makompyuta angapo, lotchedwa virtualization, linakula ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1960, pamene makina anali odula kwambiri moti anthu ambiri ankadalira amodzi. IBM inatulutsa VM/370 mu 1972, koma lusoli linafala pa makompyuta wamba kuyambira mu 1999, kampani ya VMware itapereka pulogalamu yake ngati beta, kutanthauza pulogalamu yosamalizidwa imene anthu amaiyesa n'kumanena pomwe ikulakwitsa. Mu 2009 kampaniyo inatulutsanso pulogalamu yoyeserera ya vCenter Mobile Access, yomwe inkalola woyang'anira kuyatsa kapena kuzimitsa makompyuta ongoyerekezera pafoni yam'manja, ngakhale kuti kasikirini ka foniyo kankangoyenera ntchito zadzidzidzi basi.