Masitonkeni a nayiloni: chovala chomwe kale chinali chokakamiza

Masitonkeni opyapyala a amayi anatchuka ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1920, pamene masiketi anayamba kufupika. Masiku amenewo mayi woyenda miyendo ili pamtunda ankaoneka wosalongosoka, choncho sitonkeni inali yosasiyika popita ku ntchito, ku tchalitchi kapena ku phwando. Abwino kwambiri anali a silika, amene ulusi wake wambiri unkachokera ku Japan, koma anali okwera mtengo komanso osachedwa kung'ambika.

Kampani ya DuPont ndiyo inasintha zinthu. Akatswiri ake, motsogozedwa ndi Wallace Carothers, anapanga nayiloni mu 1935, ndipo mu 1939 masitonkeni a ulusiwu anaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku New York. Pa 15 May 1940 anayamba kugulitsidwa m'dziko lonse la America, ndipo m'chaka choyamba anthu anagula mapeya pafupifupi 64 miliyoni.

America italowa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nayiloni inapita kwa asilikali kukapangira maparachuti, zingwe ndi matayala a ndege. Amayi ambiri sanalole kuoneka opanda sitonkeni. Ankapaka miyendo zodzola zofiirira, n'kujambula mzere kumbuyo kwa mwendo ndi pensulo yolembera nsidze kuti uoneke ngati msoko. Nkhondo itatha, mu 1945 ndi 1946, m'masitolo munali chipwirikiti. Ku Pittsburgh amayi pafupifupi 40,000 anafola pamzere kulimbirana mapeya 13,000 okha.

Masitonkeni akalewo ankalekezera m'ntchafu ndipo ankamangidwa ndi timalamba. Mu 1959 Allen Gant, wa pa fakitale ya Glen Raven ku North Carolina, anatulutsa ena olumikizana ndi kabudula wamkati, ofika m'chiuno. Poyamba sanayende malonda, koma minisiketi, imene Mary Quant anaitchukitsa ku London m'zaka za m'ma 1960, inachititsa kuti timalambato tizionekera, ndipo atsikana anathamangira mtundu watsopanowu. Fashoni ya minisiketiyi sinalandiridwe kulikonse: ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala masiketi aafupi ndi mathalauza mpaka linathetsedwa mu 1993.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amayi ochuluka analowa ntchito za mu ofesi ku America ndi ku Britain. M'mabanki, m'makampani a ndege ndi m'maofesi a maloya, sitonkeni inakhala gawo la kavalidwe kokhazikitsidwa ndi abwana, ngakhale m'nyengo yotentha.

Malonda anayamba kutsika chapakati pa zaka za m'ma 1990. Makampani anafewetsa malamulo a kavalidwe, thalauza inazolowereka pa ntchito, ndipo atsikana ankaona masitonkeni ngati za amayi awo. Ambiri ankadandaulanso kuti amathina, amatenthetsa ndipo akangokodwa pang'ono amathetheka mpaka pansi. Mu 2008 Michelle Obama ananena pa pulogalamu ya pa TV ya The View kuti anasiya kalekale kuwavala. Komabe kuyambira mu 2011 Kate Middleton, atakwatiwa ku banja lachifumu la ku Britain, ankaoneka nawo kawirikawiri pa zochitika za boma, ndipo ena anayambanso kuwakonda.

Panalinso dandaulo la amayi akuda. Kwa zaka zambiri masitonkeni otchedwa ofanana ndi khungu ankapangidwa potengera khungu la azungu, moti pa mwendo wakuda ankaoneka otuwa. Mu 2014 Ade Hassan anayambitsa kampani ya Nubian Skin ku London, yopanga zovala zamkati ndi masitonkeni zogwirizana ndi khungu lakuda.

Lero masitonkeni amavalidwabe pa yunifolomu zina, pa maukwati ndi m'nyengo yozizira. M'maofesi ambiri lamulo lowakakamiza linatha, ndipo kuvala kapena kusavala kwatsalira kwa mwini miyendo.