Albania Inacoka Bwino, Hungary Inakhetsa Magazi

Pa 14 May 1955, maiko 8 a cikomyunizimu anasaina pangano la zankhondo mu mzinda wa Warsaw ku Poland. Analonjezana kuti dziko limodzi likaputidwa, ena onse adzalithandiza. Papepala onse anali olingana, koma aliyense anali kudziŵa kuti mwini gulu ni Soviet Union. Maiko aŵili anayesa kutulukamo, ndipo zimene zinawacitikila zinasiyana kutalitali.

Dziko loyamba linali Hungary. Mu October 1956, ana a sukulu za pamwamba na anchito anadzaza miseu ya Budapest pofuna ufulu. Pa 1 November, nduna yaikulu Imre Nagy analengeza kuti Hungary yatuluka mu Warsaw Pact ndipo sidzakhalanso kumbali ya aliyense. Anapempha bungwe la United Nations kuti liwateteze, koma thandizo silinabwele. Maso a maiko a azungu anali pa nkhondo ya ku Suez Canal, ndipo America sinafune kuputa dziko lokhala na mabomba a nyukiliya.

Pa 4 November m'mamaŵa, akasinja a Soviet Union analoŵa mu Budapest. Anthu a ku Hungary pafupifupi 2,500 anafa, ndipo ena 200,000 anathaŵa m'dzikolo. Nagy anagwidwa, anaweluzidwa mwakabisila, n'kunyongedwa pa 16 June 1958.

Manje onani za Albania. Mtsogoleli wake Enver Hoxha anakangana na Nikita Khrushchev cifukwa Khrushchev ananyoza Stalin, ndipo Hoxha anapalana ubwenzi na China. Mu 1961, asilikali a Soviet Union anacoka pa doko la Vlorë pamene anali kusungila sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo ubale wa maiko aŵiliwa unatha. Mu August 1968, asilikali a Warsaw Pact analoŵa mu Czechoslovakia, dziko la m'gulu lawo lomwelo. Mwezi wotsatila, Albania inalengeza kuti yatuluka. Palibe kasinja ngakhale mmodzi amene anabwela.

N'cifukwa ciani? Yankho lili pa mapu. Hungary inali kucita malile na Soviet Union, ndipo asilikali a Moscow anali kale m'dzikomo. Albania inazingidwa na Yugoslavia, Greece komanso nyanja. Kuti akasinja afike ku Tirana, anafunika kupyola m'maiko amene sanali mu Warsaw Pact. Cinanso, Hoxha anacoka pang'onopang'ono. Pamene anali kulengeza mu 1968, alendo okhala na mfuti anali atapita kale zaka 7 m'mbuyomo.

Koma musaganize kuti anthu a ku Albania anapeza mtendele. Hoxha anali wolamulila wankhanza, ndipo mantha akuti adzaukilidwa anamucititsa kumanga tunyumba twa konkili tobisalamo asilikali topitilila 170,000. Simenti na nsimbi zimene zikanamanga nyumba za anthu zinathela kumeneko. Mu 1978 ubale na China nawonso unatha, ndipo Albania inatsala yokha, ili pakati pa maiko osauka kwambili mu Europe.

Warsaw Pact inatha pa 1 July 1991. Hungary inaloŵa mu NATO mu 1999, Albania mu 2009. Conco mukamvela pa nyuzi kuti dziko lina latuluka mu mgwilizano wa zankhondo, musathamangile kuwomba m'manja. Yambani mwafunsa kuti asilikali a mkulu wa gululo ali kutali bwanji, nanga anthu wamba adzalipila ciani.