Aluki a Tsitsi a ku Lagos ndi Kamera ya Ojeikere

Chithunzicho chilibe nkhope. Mayi wafulatira kamera, ndipo pamutu pake paimirira timichira ta tsitsi tokulungidwa ndi ulusi wakuda, tonse toloza kumwamba. M'munsi mwake khungu la m'mutu likuonekera m'mizere yoyera yomwe chipeso chinadutsamo. Kumbuyo kulibe mtengo, khoma la nyumba kapena munthu wina aliyense. Chinajambulidwa ku Nigeria mu 1975, ndipo kamangidwe ka tsitsiko amakatcha Onile Gogoro, dzina lachiyoruba lonena za nyumba yosanjikizana yotalika zedi. Pansi pa chithunzicho pamalembedwa dzina limodzi lokha, la J.D. 'Okhai Ojeikere, ngakhale kuti ntchitoyo inadutsa m'manja mwa amisiri awiri.

Ojeikere anabadwa mu 1930 m'mudzi wa Ovbiomu-Emai, kumwera kwa Nigeria. Mu 1950 anagula kamera yotsika mtengo ya Brownie D, ndipo mu 1954 analembedwa ntchito yothandizira kutsuka zithunzi ku unduna wofalitsa nkhani mumzinda wa Ibadan. Atagwirako ntchito ku wailesi yakanema ya mumzinda womwewo, mu 1963 anasamukira ku Lagos komwe ankajambula zithunzi zotsatsa malonda pa kampani ya West Africa Publicity. Kumeneko n'komwe dzanja lake linakhwimira pa kaunikidwe ka chinthu kuti chioneke mbali zonse, luso lomwe linadzamuthandiza pa tsitsi.

Ntchito ya tsitsiyo inayamba mu 1968, chaka chimodzi atalowa m'bungwe la Nigerian Arts Council. Ankayendayenda m'madera osiyanasiyana a dzikolo kujambula miyambo ndi magule, ndipo mnzake wapamtima pa ntchito zotere anali Erhabor Emokpae, katswiri wopenta ndi wosema. M'maulendo amenewa anaona kuti mawigi ndi kuwongola tsitsi zinali zitalowerera m'matauni, moti kalukidwe kena kakale kanali pangozi yoiwalika. Anayamba kuimitsa amayi m'misewu, m'maofesi ndi m'maukwati, n'kuwapempha kuti atembenuke.

Komatu mwini wake weniweni wa chomwe kamera inkaonacho anali woluka uja, yemwe Ayoruba amamutcha onidiri. Iyeyu ankagwira ntchito yake pakhonde, pamsika kapena pansi pa mtengo, kasitomala atakhala pansi pakati pa miyendo yake. Zida zake zinali zochepa: chipeso chamtengo chogawira tsitsi, mafuta odzola ndi ulusi. Njira zikuluzikulu zinali ziwiri. Ina ndi irun didi, kuluka kotsatira khungu la m'mutu. Ina ndi irun kiko, komwe woluka amagawa tsitsi m'timagawo, n'kukulunga kagawo kalikonse ndi ulusi kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Akamanga molimba, kachingwe ka tsitsiko kamauma gwa ngati waya, ndipo amatha kukapinda, kukaimika kapena kukalumikiza ndi kanzake mmene wafunira. Mayi aliyense wa kuno kwathu yemwe anamangidwapo ulusi ali mtsikana akudziwa mmene pachipumi pamakokera tsiku loyambalo, ndi mmene tulo timavutira kubwera.

Ntchito yotere inkatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, koma pakatha milungu yowerengeka ankaimasula. Wosema chiboliboli amasiya chinthu choti adzukulu adzachigwire. Woluka tsitsi sankasiya kanthu, kupatula zomwe wophunzira wake anasunga m'zala.

Aluki amenewa sankangobwereza za makolo. Ankayang'ananso zomwe zinkachitika m'dziko, n'kuziika pamutu. Nigeria italandira ufulu mu 1960, nyumba zosanjikizana zinayamba kumera m'mizinda. Ku Ibadan, nyumba ya Cocoa House inatsegulidwa mu 1965, ndipo ku Lagos ndalama za mafuta zinabweretsa misewu yam'mwamba ndi milatho. Mlatho wa Eko Bridge unapatsa dzina kamangidwe kena ka tsitsi, komwe timichira timadumpha kuchoka mbali ina ya mutu kukagwira mbali inayo. Nkhondo yapachiweniweni ya 1967 mpaka 1970 itatha, panatulukanso kalukidwe kotchedwa Ogun Pari, kolengeza kutha kwa nkhondoyo. Pambali pa zatsopanozi panali zakalekale monga suku, komwe mizere yonse imakwera n'kukakumana paliwombo. M'madera ena tsitsi linkauza anthu ngati mkazi ali pabanja, ngati ndi wa kubanja lachifumu kapena ngati akupita ku mwambo.

Mbali ya Ojeikere inali kudziletsa. Sankafuna kumwetulira kwa wojambulidwa, zovala zake kapena mzinda womuzungulira. Ankajambula zakuda ndi zoyera, kawirikawiri kuchokera kumbuyo, nthawi zina cham'mbali kapena chapamwamba, n'kuunika mwakuti mzera uliwonse wa chipeso ndi mpindi uliwonse wa ulusi ziwerengeke. Ankalembanso dzina la kalukidweko ndi komwe kanachokera. Mu 1975 anatsegula situdiyo yakeyake, Foto Ojeikere, ndipo anapitiriza ntchitoyi kwa zaka zoposa 30 mpaka zithunzi za tsitsi zinafika pafupifupi 1,000. Anajambulanso gele, duku lalikulu lomwe amayi a kumeneko amalimanga mwaluso pa zikondwerero.

Kunja kwa Nigeria anachedwa kumudziwa. Mu 2000, ali ndi zaka pafupifupi 70, zithunzi zake zinaonetsedwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Mu 2007 zinafika pa chionetsero cha Documenta ku Kassel, m'dziko la Germany, kenako mu 2013 ku Venice Biennale. Iye anamwalira ku Lagos mu February 2014. M'zionetsero zonsezi anthu ankagoma ndi manja a amayi omwe maina awo sanali pakhoma. Ojeikere ankawalemekeza amayiwo monga amisiri, ndipo popanda iye zambiri mwa ntchito zawo zikanatheratu, koma mbiri yabwino ndi ndalama za m'nyumba zogulitsira zaluso zinatsatira kamera, osati chipeso.

Omwe anabwera pambuyo pake anayamba ntchito mwanjira ina. Medina Dugger, wojambula wa ku America, anapanga ku Lagos zithunzi zotchedwa Chroma potsatira mapazi a Ojeikere. M'malo modikira kukumana ndi mutu wokongola mumsewu, iye amakhala pansi ndi woluka, n'kugwirizana za mtundu wa ulusi tsitsi lisanakhudzidwe n'komwe, ndipo zithunzi zake zimatuluka zowala ndi pinki, chikasu ndi buluu. Ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire, Laetitia Ky anaphatikiza ntchito ziwirizi mwa munthu mmodzi: amalowetsa waya m'tsitsi lake lomwe, n'kulipinda kukhala manja, nyama kapena thupi la mkazi, kenako n'kudzijambula. Mu 2022 ntchito yake inaimira dziko lake ku Venice Biennale, patatha zaka 9 kuchokera pomwe zithunzi za Ojeikere zinapachikidwa kumeneko.